Mlandu suola: mbiri ya asilikali akuda a ku America

Akuluakulu amati mlandu suola. Mau amenewa atanthauza kuti munthu akalakwiridwa, nkhani yake siitha cifukwa coti papita zaka zambiri. Koma kuti mlandu wakale uweruzidwe, pafunika zinthu ziwiri. Coyamba ndi umboni. Caciwiri ndi munthu wouyankhulira, amene satopa kupita kubwalo. Mbiri ya asilikali akuda a ku United States of America ionetsa bwino zinthu ziwirizi.

Ambiri mwa anthu akuda a ku America ndi zidzukulu za anthu amene adatengedwa ku Africa kukakhala akapolo. Ukapolo udathetsedwa m'dzikomo m'caka ca 1865, koma tsankho lidatsala. M'zigawo za kumwera malamulo adalekanitsa akuda ndi azungu kusukulu, kucipatala, m'sitima ngakhale kumanda. Ku usilikali nakonso kudali tsankho. Akuda adali ndi magulu awoawo, ndipo akuluakulu owalamulira kawirikawiri adali azungu.

Msilikali wina dzina lake Henry Johnson

America idalowa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse mu Epulo 1917. Akuda oposa 350,000 adalembedwa usilikali. Ambiri a iwo sadatumizidwe kukamenya nkhondo. Adapatsidwa nchito yotsitsa katundu m'zombo, yokonza misewu ndi yoika maliro. Magulu ocepa okha ndiwo adafika pamene padali kulira mfuti. Limodzi mwa magulu amenewa lidali la nambala 369, locokera ku New York. Akuluakulu a asilikali a America adalipereka kwa asilikali a France, motero lidamenya nkhondo ndi mfuti ndi zisoti za ku France. Lidakhala masiku 191 maso ndi maso ndi adani. Anthu adalipatsa dzina lakuti Harlem Hellfighters.

M'gulu limeneli mudali Henry Johnson. Asadalowe usilikali, iye adali kunyamula katundu wa apaulendo pa siteshoni ya sitima mumzinda wa Albany. Usiku wa pa 14 Meyi 1918, kucera pa 15, Johnson ndi mnzake Needham Roberts adali paulonda pafupi ndi nkhalango ya Argonne, ku France. Mumdima mudatulukira asilikali a Germany osacepera 12. Roberts adavulala kwambiri ndipo sadathe kuimirira. Johnson adaponya mabomba a pamanja, nawombera mpaka mfuti yake idakana. Kenaka adaisandutsa cibonga. Ataona kuti adani akumukoka Roberts kuti apite naye, adasolola mpeni wake waukulu wonga cikwanje nawalumphira. Adaniwo adathawa. Roberts adapulumuka. Johnson adatsala ndi mabala 21.

Dziko la France lidapatsa anyamata awiriwa mendulo yochedwa Croix de Guerre. Pa 17 Febuluwale 1919, gulu la 369 lidaguba m'misewu ya New York, ndipo khamu la anthu lidamuombera m'manja Johnson pamene adali kudutsa pa galimoto yopanda denga. Koma boma la kwao silidampatse mendulo ina iliyonse. Mabala aja ndi cifuwa cacikulu zidamfooketsa. Adamwalira mu Julayi 1929 asadakwanitse zaka 40, ndipo pang'onopang'ono anthu adamuiwala.

Cifukwa ciani ena adaiwalika?

Mendulo yaikulu koposa zonse ku usilikali wa America imachedwa Medal of Honor. Msilikali sadzipemphera yekha menduloyi. Mkulu wake ayenera kulemba kalata yofotokoza zimene wacita. Payeneranso kukhala mboni zimene zidaona ndi maso. Kalatayo imayenda kucokera ku ofesi ina kupita ku ofesi ina mpaka ikafike kwa Pulezidenti. Ndiponso lamulo limaika malire a nthawi. Zaka zocepa zikapita, khomo limatsekedwa, ndipo ndi nyumba ya malamulo yokha imene ingalitsegulenso.

Apa ndi pamene tsankho lidabisala. Mkulu watsankho sadafunikire kunena bodza. Adangoleka kulemba. Nthawi zina kalata idalembedwa, koma idagona m'kabati. Zotere zidamucitikira Freddie Stowers, msilikali wakuda amene adafa pa 28 Seputembala 1918 akutsogolera anzake kulanda phiri lina ku France. Mkulu wake adalemba kalata yomupemphera mendulo, koma yankho silidabwere. Kalatayo idapezeka patapita zaka pafupifupi 70. M'caka ca 1991 Pulezidenti George Bush adapereka menduloyo kwa alongo ake awiri a Stowers, amene pa nthawiyo adali nkhalamba.

Pa nkhondo zonse ziwiri za dziko lonse, palibe msilikali wakuda ngakhale mmodzi amene adalandira Medal of Honor pa nthawi yake.

Anthu amene adamuyankhulira Johnson

Amene adadzutsa mlandu wa Johnson adali asilikali akale akuda a ku Albany. Mmodzi wa iwo adali John Howe, amene adamenya nkhondo ya ku Vietnam. Iwo adayamba ndi zapafupi. M'caka ca 1991 msewu wina wa mumzindamo udapatsidwa dzina la Johnson, ndipo adamumangira cipilala m'paki. Dzina likakhala pa msewu, ana amafunsa kuti mwini dzinalo adali yani. Pambuyo pake adayamba kulemba makalata ku boma. M'caka ca 1996 boma lidapereka Purple Heart, mendulo ya asilikali ovulala pankhondo. Anthu ambiri adali kuganiza kuti Johnson adaikidwa m'manda osadziwika. Ofufuza adapeza kuti adagona ku Arlington, manda a asilikali amene ali pafupi ndi mzinda wa Washington. M'caka ca 2003 idaperekedwa Distinguished Service Cross, mendulo yaciwiri pa ukulu.

Koma Medal of Honor idali kukanidwabe. Akuluakulu adati umboni ndi wocepa. Howe adamwalira mu 2005 asadaone mathero a nkhaniyi. Ogwira nchito mu ofesi ya Chuck Schumer, phungu wa New York ku nyumba ya malamulo, adapitiriza kufufuza m'mapepala akale. Potsiriza adapeza lipoti limene mkulu wa asilikali onse a America ku France, John Pershing, adatumiza ku Washington mu Meyi 1918, patangopita masiku ocepa cicitikire nkhondo ya usiku uja. Adapezanso mau a Roberts mwini wake ofotokoza zimene adaona. M'caka ca 2014 nyumba ya malamulo idavomera kutsegulanso khomo lija. Pa 2 Juni 2015 Pulezidenti Barack Obama adapereka Medal of Honor ya Henry Johnson. Popeza m'bale wake weniweni sadapezeke, adailandira ndi msilikali wamkulu wa ku New York. Padali patapita zaka 97.

Zimene Johnson adacita zidali zoona kuyambira mu 1918. Cimene cidasintha ndi cakuti pepala lidapezeka, ndipo padali anthu olinyamula kupita nalo kubwalo.

Si nkhani ya mendulo yokha

Mendulo ndi ulemu, koma munthu sadya ulemu. Msilikali wobwera kunkhondo amafuna nchito, nyumba, sukulu ndi mankhwala. Pa zimenezinso akuda adatsalira.

Pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, akuda oposa 1 miliyoni adatumikira ku usilikali wa America. M'caka ca 1944 boma lidakhazikitsa lamulo lodziwika ndi dzina lakuti GI Bill. Lamuloli lidali kulipirira asilikali akale maphunziro, ndi kuwathandiza kupeza ngongole yogulira nyumba, munda kapena yoyambira malonda. M'lamulomo simudalembedwe za khungu la munthu. Koma oliyendetsa adali maofesi, mabanki ndi masukulu a m'madera, ndipo kumeneko tsankho lidali lamphamvu. Banki idali kukana kubwereketsa ndalama kwa wakuda. Sukulu zapamwamba zambiri za kumwera sizidali kulandira akuda. M'cigawo ca Mississippi, m'caka ca 1947, pa ngongole 3,229 zimene boma lidaikira kumbuyo, ziwiri zokha ndizo zidapita kwa asilikali akale akuda.

Kutaya kotere sikuthera pa munthu mmodzi. Nyumba ndi colowa. Bambo akakhala nayo, ana amailandira, ndipo zidzukulu zimaphunzira ndi ndalama zake. Bambo akamanidwa, mbumba yonse imayamba ulendo ili m'mbuyo.

Ena adakumana ndi zoopsa koposa apa. Pa 12 Febuluwale 1946, Isaac Woodard adali pa basi kubwerera kwao, atangomasulidwa ku usilikali tsiku lomwelo. Adali atavalabe yunifolomu. Atasemphana mau ndi woyendetsa basi, apolisi a m'tauni ya Batesburg, ku South Carolina, adamutsitsa namumenya ndi ndodo mpaka maso ake adafa. Mkulu wa apolisiwo adazengedwa mlandu, koma oweruza, amene onse adali azungu, adamumasula. Mabungwe a anthu akuda adafalitsa nkhaniyi m'dziko lonse, ndipo idafika kwa Pulezidenti Harry Truman. Pa 26 Julayi 1948 Truman adalamula kuti kusankhana khungu ku usilikali kuthe. M'caka ca 2019 anthu a m'tauni ija adaimika cikwangwani cofotokoza zimene zidamucitikira Woodard.

Milandu ina imene idadzutsidwa

M'caka ca 1993 akuluakulu a asilikali adapempha Shaw University, sukulu yapamwamba ya anthu akuda ku North Carolina, kuti ifufuze cifukwa cimene wakuda aliyense sadalandirire Medal of Honor pa Nkhondo Yaciwiri. Ofufuzawo adawerenga malipoti akale nafunsa asilikali amene adali moyo. Adapeza kuti cifukwa cake cidali tsankho. Pa 13 Januwale 1997 Pulezidenti Bill Clinton adapereka menduloyo kwa asilikali akuda 7. Mwa iwo, 6 adali atamwalira kale. Amene adailandira ndi manja ake adali Vernon Baker yekha, amene adamenya nkhondo ku Italy mu Epulo 1945. Adali ndi zaka 77.

Amayi nawonso adaiwalika. Mu Febuluwale 1945 gulu la nambala 6888 lidafika mumzinda wa Birmingham, ku England. Lidali la amayi 855, ndipo mtsogoleri wao adali Charity Adams. Adapeza nyumba zikuluzikulu zodzaza ndi makalata ndi maphukusi mamiliyoni ambiri amene sadafike kwa asilikali. Adapatsidwa miyezi 6 kuti awasankhe ndi kuwatumiza. Pogwira nchito mosinthana usana ndi usiku, adamaliza m'miyezi itatu. Pobwerera kwao palibe amene adawacingamira. Patapita zaka zambiri, asilikali akale ena adasonkhanitsa maina ao nawamangira cipilala ku Fort Leavenworth mu 2018. M'caka ca 2022 nyumba ya malamulo idavomera kuwapatsa mendulo yagolide. Idaperekedwa mu Epulo 2025, atatsala amoyo awiri okha.

Mmene mbiri imasungidwira

Mapepala a boma ndi ofunika, koma nawonso amaonongeka. Pa 12 Julayi 1973 moto udabuka m'nyumba yosungiramo mapepala a asilikali pafupi ndi mzinda wa St. Louis. Mafailo pakati pa 16 miliyoni ndi 18 miliyoni adapsa, ndipo padalibe makope ake. Pa mafailo 100 alionse a asilikali a pamtunda amene adasiya nchito pakati pa 1912 ndi 1960, pafupifupi 80 adaonongeka. Motowo sudasankhe khungu. Komabe akuda ndiwo adataya kwambiri, cifukwa za iwo sizidalembedwe kwenikweni m'mabuku a mbiri ya nkhondo.

Cifukwa ca ici, osunga mbiri sadalira nkhokwe imodzi. Amafufuza m'nyuzipepala zakale za anthu akuda, monga Pittsburgh Courier ndi Chicago Defender, zimene zidali kulemba maina ndi kusindikiza zithunzi za asilikali. Amapempha mabanja kuti aonetse makalata, zithunzi ndi mapepala omasulira munthu ku usilikali. Amajambula mau a okalamba asadamwalire. M'caka ca 2000 nyumba ya malamulo idakhazikitsa Veterans History Project ku Library of Congress, nyumba yaikulu ya mabuku ya dzikolo, kuti izisunga mau a asilikali akale a mitundu yonse. M'caka ca 2016 ku Washington kudatsegulidwa National Museum of African American History and Culture, nyumba yoonetseramo mbiri ya anthu akuda. Ili ndi cipinda ca asilikali.

Manambala nawonso ndi umboni. M'caka ca 2023 ofesi yofufuza nchito za boma la America idaunika mapempho a cithandizo ca asilikali akale olumala kapena odwala, a pakati pa 2010 ndi 2020. Idapeza kuti pa mapempho 100 alionse a azungu, 75 adavomerezedwa, pamene a akuda adavomerezedwa 61. Caka cimodzi izi zisadatuluke, Conley Monk Jr., msilikali wakale wa nkhondo ya ku Vietnam, adasumira boma kubwalo la milandu ponena kuti lidamumana cithandizo kwa zaka zambiri cifukwa ca khungu lake. Umboni wake wina udali manambala amene bungwe la Black Veterans Project lidathandiza kupeza m'mabuku a boma lomwelo.

Ndipo cikumbutso cikaikidwa, sikuti cakhazikika mpaka muyaya. M'caka ca 2023 kampu yaikulu ya asilikali ku Louisiana, yochedwa Fort Polk, idasinthidwa dzina kukhala Fort Johnson polemekeza Henry Johnson. M'caka ca 2025 boma latsopano lidabweza dzina lakuti Fort Polk. Dzina la pa cipata lingafafanizidwe ndi lamulo limodzi. Cobvuta kufafaniza ndi nkhani imene yalembedwa m'malo ambiri ndipo ikudziwika ndi anthu ambiri.

Nkhondo yomweyo idafikanso ku Mosambiki

Nkhondo imene Johnson adamenya ku France idamenyedwanso kuno ku Africa. Pa 25 Novembala 1917 asilikali a Ajeremani adaoloka mtsinje wa Rovuma nagonjetsa Apwitikizi pa Negomano. Kwa miyezi yambiri adayendayenda kumpoto kwa Mosambiki, Angerezi akuwathamangitsa. Magulu onse atatuwa adali ndi asilikali akuda. Adalinso ndi amtengatenga, ndiko kuti anthu onyamula cakudya, zipolopolo ndi odwala pamutu ndi pamapewa. Ambiri adagwidwa mokakamiza m'midzi ya ku Mosambiki, Nyasaland ndi maiko ena oyandikana nawo, ndipo ambiri adafa ndi njala ndi matenda. Kugwira anthu mokakamiza kudali cimodzi mwa zifukwa zimene anthu a ku Barue adaukira Apwitikizi mu 1917.

Manda a asilikali acizungu adalembedwa maina. A amtengatenga ambiri sadalembedwe. M'caka ca 2021 bungwe losamala manda a nkhondo a Angerezi, lochedwa Commonwealth War Graves Commission, lidavomera kuti anthu osacepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, amene adafa akutumikira mbali ya Angerezi sadakumbukiridwe ndi maina ao kapena sadakumbukiridwe konse. Ambiri a iwo adali a mu Africa. Bungweli lidapepesa, ndipo lidayamba kufunafuna mainawo. Mu Januwale 2025 ku Cape Town kudatsegulidwa cikumbutso cokhala ndi maina oposa 1,700 a anthu a ku South Africa amene adafa pa nchito yotere.

Zimene banja lingacite

Kusunga mbiri sikuyambira ku ofesi. Kumayambira pakhomo. Banja limene lili ndi cithunzi ca agogo amene adapita kunkhondo liyenera kulemba kuseri kwake dzina lao lonse, mudzi wao, caka ndi gulu limene adalimo. Mapepala akale asungidwe m'citini kapena m'pulasitiki, kutali ndi cinyezi, ciswe ndi moto. Amene ali ndi foni angawajambule kuti pakhale makope awiri. Wokalamba amene akufuna kufotokoza zimene adaona amvetseredwe mwaulemu, ndipo mau ake alembedwe monga mmene wawanenera. Amene safuna kuyankhula asakakamizidwe, cifukwa zina za kunkhondo zimapweteka kuzikumbukira.

Mlandu wa Henry Johnson udadikira zaka 97. Sudaole cifukwa pepala lidasungidwa, ndiponso cifukwa padapezeka anthu amene sadaleke kuchula dzina lake.

Mau ofunika kuwadziwa

Umboni: cinthu kapena mau otsimikiza kuti nkhani idacitikadi.
Tsankho: kucitira anthu ena zoipa cifukwa ca khungu, mtundu kapena kumene acokera.
Mendulo: kacitsulo kaulemu kamene munthu amapatsidwa akacita nchito yotamandika.
Cipilala: mwala kapena cimango coimikidwa kuti anthu azikumbukira munthu kapena cocitika.

Mafunso

1. Kodi Henry Johnson adali kugwira nchito yanji asadalowe usilikali?
2. Fotokozani njira imene imatsatidwa kuti msilikali alandire Medal of Honor. Kodi tsankho lidalowera pati?
3. Lamulo la GI Bill silidachule khungu la munthu. Nanga cifukwa ciani akuda ambiri sadapindule nalo?
4. Chulani malo atatu kumene osunga mbiri amafufuza umboni.
5. Kodi amtengatenga a pa Nkhondo Yoyamba afanana bwanji ndi asilikali akuda a ku America?

Nchito ya kunyumba

Pemphani munthu wacikulire wa m'mudzi mwanu kuti akuuzeni nkhani imodzi yakale imene safuna kuti iiwalike. Lembani dzina lake, tsiku limene mwaceza naye ndi zimene wanena. Akalola, mudzawerengere anzanu m'kalasi.